Thonje ndi lathu, nsalu ndi ya eni: boma liyambire pati?

Chiyambire ndale za zipani zambiri mu 1994, palibe boma lomwe lalowa m'dziko muno osalonjeza mafakitale. Aliyense akakwera pa nsanja amanena zomwezo: tisiye kugulitsa mbewu zosakonza, tiyambe kupanga katundu wathu, tichepetse kuitanitsa zinthu kunja. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zitatu za chitukuko, pamodzi ndi ulimi wa malonda ndi kukula kwa mizinda. Mawuwo ndi abwino ndipo ine sindikutsutsana nawo. Koma monga munthu amene ntchito yanga ndi kuyenda m'minda ya anthu, ndili ndi mafunso awiri omwe pa nsanja sayankhidwa. Boma lochepekedwa ndalama ngati lathuli liyambire pati? Nanga mafakitalewo adzawalipire ndani?

Tiyeni tiwayankhe poyang'ana mbewu imodzi, thonje, chifukwa ulendo wake kuchoka m'munda kufika pa thupi la munthu ndi wautali kuposa wa mbewu zina zonse zomwe timalima, ndipo paliponse pamene ulendowo waduka pamaoneka poyera.

Mlimi wa ku Ngabu kapena ku Utale akagulitsa makilogalamu 100 a thonje, ku jinale amalipuntha nkupeza thonje loyera lokwana pafupifupi makilogalamu 40. Zotsalazo, kupatula zinyalala pang'ono, ndi njere. Njerezo zikafinyidwa zimatulutsa mafuta ophikira, cha m'ma makilogalamu 15 pa makilogalamu 100 alionse a njere, ndipo zotsalira zake ndi keke yomwe alimi a ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe ndi ku Chiradzulu amaifuna chaka chonse. Thonje loyera lija limapita kopota ulusi, ulusi nkupita kowomba nsalu, nsalu nkupita kodinda maluwa, kenaka kwa telala. Makilogalamu 40 amenewo akhoza kutulutsa malaya oposa 100. Awerengi, tengani mtengo wa malaya atsopano pa sitolo ya pa tauni yanu, muwerengetse malaya 100, kenaka muyerekeze ndi ndalama zomwe mlimi uja analandira pa sikelo. Kusiyana kwakeko ndiye malipiro a opota, owomba, odinda, osoka, oyendetsa malole ndi ogulitsa. Ife timalekera pa jinale. Gawo lalikulu kwambiri la thonje lathu loyera limatuluka m'dziko lili m'mabelo, ndipo malipiro onse aja amakalandiridwa kunja. Pambuyo pake timasakasaka madola kuti tiitanitse zitenje.

Sizinali chonchi kuyambira kale. Kampani ya David Whitehead and Sons, yomwe inayamba ntchito ku Blantyre m'zaka za m'ma 1960, inkapota, kuwomba ndi kudinda nsalu kuchokera ku thonje la kuno, ndipo inkalemba anthu zikwi zingapo. Akuluakulu ambiri amene akuwerenga tsamba lino anapita ku sukulu atavala yunifolomu ya nsalu imeneyo. M'zaka za m'ma 1990 zipata za malonda zinatseguka, kwacha inasiyidwa kuti izidziimira yokha mu 1994, nsalu zotsika mtengo zinalowa, zina modutsa pa chipata zina mozemba, ndipo kaunjika anadzaza misika yonse. Makina a fakitale anali okalamba, ndalama zogulira atsopano panalibe. Mu 2003 boma linaigulitsa kwa a Mapeto, koma ukulu wake wakale uja sunabwererenso.

Pali anthu amene amati mankhwala ake ndi kuletsa kaunjika. Ine sindili nawo. Kaunjika ndi amene akuveka ana a mlimi yemweyo wa thonje, ndipo pa msika uliwonse pali mabanja ambiri amene amadyera pa belo. Dziko la Rwanda linakweza kwambiri msonkho wa zovala za kaunjika mu 2016, ndipo mu 2018 America inabwezera powachotsera mwayi wogulitsa zovala zawo kumeneko popanda msonkho. Iwo anapirira poti anali atakonzekera. Ife kuletsa lero, pomwe tilibe nsalu yathu yokwanira, kungokhala kuvula anthu.

Koma pali mbali ina ya nthawi ya kale ija imene okumbukira mokoma amaidumpha, ndipo ndi imene ndikufuna alimi aigwire. Nthawi imeneyo wogula mbewu za alimi ang'onoang'ono anali mmodzi, ADMARC, yomwe inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. Mtengo unkaikidwa ndi boma ndipo nthawi zambiri unkakhala wotsika poyerekeza ndi womwe mbewuzo zinkagulitsidwa kunja. Phindu lomwe ADMARC inkapeza pa fodya, mtedza ndi thonje la anthu a kumudzi linkapita kukakuza maesiteti ndi makampani. Kunena mosapsatira, mafakitale ambiri a nthawi imeneyo anakwera pa msana pa mlimi. Tsono pamene mukumva nduna kapena mwini fakitale akunena kuti tiletse kutumiza kunja mbewu yakuti kuti mafakitale athu apeze zipangizo, dzifunseni kuti mtengo wa pa sikelo uchita bwanji. Ogula akachepa mtengo umatsika, ndipo mtengo ukatsika mlimi chaka chotsatira sadzala. Alimi a soya akuzidziwa bwino zimenezi, poti chipata cha soya chakhala chikutsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo, nthawi zina mbewu ili kale m'matumba.

Ndiye boma liyambire pati? Ine ndikuti liyambire m'munda, chifukwa fakitale yopanda chopuntha ndi nyumba ya mileme. Majinale amene tili nawo ku chigwa cha Shire, ku Balaka, ku Salima ndi ku Karonga akhoza kupuntha thonje lochuluka kangapo kuposa lomwe timakolola. Amagwira ntchito miyezi yochepa, kenaka nkutseka, koma alonda, ngongole ndi makina zimafuna ndalama chaka chonse, ndipo ndalama zimenezo zimachotsedwa pa mtengo wa mlimi. Palibe munthu wanzeru amene angabweretse makina opotera ulusi a madola mamiliyoni m'dziko lomwe chaka chino lili ndi thonje, chaka cha mawa lilibe.

Tinaona kale kuti alimi athu akhoza. M'nyengo ya 2011/12 boma linaika K1.6 biliyoni pa mbewu ndi mankhwala a thonje, ndipo dziko linakolola pafupifupi matani 100,000. Thandizolo linali la kanthawi, mitengo sinakondweretse alimi, ndipo m'zaka zotsatira zokolola zinatsika mpaka kuchepera matani 20,000. Ena amatenga nkhani imeneyi ngati umboni wakuti boma lizingogawa zipangizo. Ine ndimaitenga ngati umboni wakuti ndalama ya chaka chimodzi, yopanda dongosolo la ngongole ndi msika, imangotentha ngati moto wa mapesi.

Vuto lenileni la thonje ndi zokolola pa hekitala. Alimi ambiri safika makilogalamu 1,000 pa hekitala, pomwe mbewu yomweyo itasamalidwa bwino ikhoza kupereka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Zifukwa zake ndi zodziwika kwa mlangizi aliyense: kudzala mochedwa chifukwa mbewu yafika mvula itagwa kale, kupatulira mochedwa, udzu m'masabata oyambirira, kupopera mankhwala mongoganizira osayamba wayendera munda kuona ngati mbozi, nsabwe kapena kodikodi zafika poopsa, ndiponso kusiya mapesi m'munda osazula pa nthawi yake, zomwe zimasunga tizilombo mpaka chaka china. Zonsezi sizifuna fakitale yatsopano. Zimafuna mlangizi wokhala ndi njinga yoyenda, sitolo ya mankhwala enieni osati osukulutsa, ndi malo a kafukufuku ngati Makoka ku Zomba, komwe kunachokera mitundu ya thonje monga Makoka 2000, kuti akhale ndi ndalama zogwirira ntchito. Mbewu ya makono yosagwidwa ndi mbozi, yomwe inavomerezedwa cha mu 2019, imabereka bwino, koma ndi yochokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlimi anamva kuwawa kwake asanadzale nkomwe. Ngati boma likufuna fakitale yoyamba yoti liithandize, iyambe ndi yochulukitsa mbewu ya thonje m'dziko momwe muno.

Pamenepa pali msampha wina womwe uyenera kunenedwa, ngakhale alimi anzanga ena sakondwa ndikaunena. Kampani ikapereka mbewu ndi mankhwala pa ngongole, nthawi yokolola pamabwera wogula wina amene sanaikepo kanthu, nkuwonjezera pang'ono pa kilogalamu, ndipo thonje limapita kwa iye usiku. Kampani ija ikaluza, chaka chotsatira sipereka ngongole, ndipo onse amaluza: mlimi, jinale, ngakhale wogula wozembera uja. Komanso tisanamizane kuti olakwa ndi alimi okha. Mlimi amazembetsa thonje chifukwa anaonapo sikelo yobera, anaonapo thonje lake loyera likuikidwa giredi yotsika, anadikirapo malipiro masabata ambiri ana ali pa khomo osapita ku sukulu. Lamulo la thonje la 2013 linakhazikitsa bungwe la Cotton Council kuti liziyang'anira zimenezi. Chomwe ndikupempha ndi chakuti mtengo wa thonje uziwerengedwa poyera: mtengo wa thonje loyera pa msika wa dziko lonse ndi uwu, ndalama zopunthira ndi zonyamulira ndi izi, njere zikugulitsidwa mwakuti, gawo la mlimi ndi ili. Njerezo ndazitchula dala. Zimaposa theka la kulemera kwa thonje lomwe mlimi amagulitsa, zimatulutsa mafuta ndi keke, koma pokambirana mtengo sizimveka. Mlimi akadziwa masamu ake, ndipo akalipidwa tsiku lomwelo, wogula wa usiku adzasowa pogwira.

Kuchoka m'munda, chinthu chachiwiri chomwe boma lili nacho m'manja, chosafuna ngongole ya kunja, ndi thumba lake logulira katundu. Boma limagula nsalu zambiri m'dziko muno. Apolisi, asilikali, oyang'anira ndende, akaidi, anamwino, nsalu zoyala pa mabedi a m'zipatala, mabandeji ndi thonje lotsukira mabala, zonsezi zimagulidwa ndi misonkho yathu chaka ndi chaka. Mu Marichi 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi, ndipo lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017 linapereka mwayi wapadera kwa amalonda a Chimalawi. Koma kuyang'ana amene akugulitsa ndi kosiyana ndi kuyang'ana komwe nsalu yawombedwa. Mmalawi akapambana kontirakiti ya yunifolomu nkukaoda nsalu ku China kapena ku India, mlimi wa ku Chikwawa sapindulapo kanthu, ndipo madola atuluka chimodzimodzi. Chofunika ndi pangano la zaka zisanu kapena kuposerapo, lonena kuti boma lidzagula mamita akutiakuti a nsalu yopotedwa ndi kuwombedwa kuno, pa muyezo wakuti, ndipo lidzalipira m'masiku akuti. Ndi pepala lotero mwini fakitale akhoza kupita ku banki. Koma boma lizilipiradi, chifukwa mbiri yake yosunga ngongole za amalonda kwa zaka ndi imene yagwetsa mabizinesi ambiri.

Kuti msika wotsimikizika umamanga fakitale, chitsanzo tili nacho kwathu konkuno. Ku Dwangwa akhala akupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, ndipo ku Chikwawa a PressCane anayamba mu 2004. Mafakitale amenewa aima zaka zonsezi chifukwa petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndiye wogula alipo. Nzimbe nazo zili ndi alimi ang'onoang'ono a m'magulu monga a ku Kasinthula ndi ku Phata amene amadzala akudziwa kokagulitsa. Sindikuti ku nzimbe kulibe madandaulo, alipo ndithu, koma ulendo wa nzimbe kuchoka m'munda kufika mu kapu ya tiyi ndi mu thanki ya galimoto umathera m'dziko momwe muno.

Tsono tifike pa magetsi, poti apa ndi pomwe maloto ambiri amafera. Makina opotera ulusi amayenda usana ndi usiku, ndipo magetsi akazima ulusi umaduka, ntchito nkuyambiranso. Kuyendetsa makina otero ndi jenereta ya dizilo ndi kupanga nsalu yomwe palibe angaigule. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira komweko, ndipo matope ndi zinyalala zomwe zimatseka makina kumeneko zimachokera m'minda yathu ya m'mapiri yomwe tinadula mitengo. Nkhani ya mizere yotsata akalozera ndi udzu wa vetiva, yomwe alangizi timaoneka ngati otopetsa nayo, ndi nkhani ya mafakitale imene. Boma lisanadule riboni pa malo ena alionse a mafakitale, liyambe latiuza kuti magetsi ake achokera kuti.

Ndalama nazo ndi chimodzimodzi. Wogula thonje, soya kapena mpendadzuwa amagula mbewu ya chaka chonse m'miyezi itatu kapena inayi, nkumaigwiritsa ntchito pang'onopang'ono mpaka kukolola kwina. Amagula ndi ngongole. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki a malonda amawonjezerapo zawo. Mnzake wa ku India kapena ku China amakongola pa mtengo wotsika kwambiri. Chiwongola dzanja chathu chimakwera, mwa zina, chifukwa boma lenilenilo limakongola kwambiri m'mabanki omwewo, ndipo banki imaona chapafupi kukongoza boma kusiyana ndi kukongoza wofinya mafuta wa ku Mchinji. Apa nduna ya zachuma ili ndi mphamvu pa mafakitale kuposa nduna ya za mafakitale. Onjezanipo kusowa kwa madola ogulira zitsulo za makina ndi utoto wodindira nsalu, muona chifukwa chake amalonda ambiri amasankha kuoda katundu wopangidwa kale.

Za mayendedwe ndingonena mwachidule. Njanji ya ku chigwa cha Shire inaduka pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo katundu wolemera wa dera lomwe limalima thonje kwambiri wakhala akudalira malole. Misewu ya m'midzi yopita ku misika imaduka dzinja lililonse. Mtengo wa zonsezi umabwerera pa sikelo.

Njira imene maboma amaikonda kwambiri, chifukwa siifuna ndalama koma siginecha yokha, ndi chiletso. Mu Marichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kulowetsa m'dziko katundu wosiyanasiyana monga ufa, mpunga, mkaka, zipatso ndi chiponde, ati pofuna kuteteza opanga a kuno ndi kusunga madola. Mwezi wotsatira dziko la Tanzania linabwezera potseka chipata chake ku mbewu zathu, nkuchenjezanso za feteleza wathu amene amadutsa pa doko la Dar es Salaam, mpaka maboma awiriwa anachita kukhala pansi. Dziko lopanda nyanja ya mchere ngati lathu liyenera kuganiza kawiri lisanakwiyitse mwini njira. Sindikuti kuteteza mafakitale ndi kulakwa. Maiko ambiri amene ali ndi mafakitale lero anawatetezapo. Koma chitetezo chabwino chimanenedweratu, chimakhala ndi tsiku lothera, ndipo wotetezedwayo amapatsidwa zoti akwaniritse: ugule mbewu yochuluka chonchi kwa alimi a kuno, pa mtengo wosatsika apa, ulembe anthu ochuluka chonchi. Akalephera, chitetezo chichoke. Lamulo la Control of Goods la 2018 linalembedwa ndi cholinga chakuti ziletso zizikhala ndi zifukwa zodziwika osati zongodzidzimutsa. Litsatidwe.

Wina anganene kuti nanga bwanji osangogulitsa mbewu zathu kunja kwa wopereka mtengo wabwino, za mafakitalezi tizisiye. Alimi a nandolo a ku Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Machinga ali ndi yankho. Mitengo inali yokoma mpaka India, yemwe anali wogula wamkulu, anaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake mu Ogasiti 2017. Nandolo anasowa wogula, ndipo ena anangomusiya m'munda. Kudalira wogula mmodzi wa kunja ndi koopsa mofanana ndi kudalira wogula mmodzi wa kuno. Mlimi amafuna onse awiri, fakitale ya kwathu ndi chipata chotsegula, kuti azipikisana pa sikelo yake.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mndandanda wautali. Ndondomeko zathu zimatchula thonje, soya, mtedza, mpendadzuwa, nzimbe, mpunga, chinangwa, mango, chamba cha mafakitale, zikopa, nsomba, migodi, zonse nthawi imodzi, ndipo ndalama zochepa zomwe zilipo zimagawidwa mpaka paliponse pangofika fungo lokha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndalama zambiri za unduna wa zamalimidwe zakhala zikupita ku feteleza wotsika mtengo wa chimanga, monga K160 biliyoni ya chaka choyamba cha AIP mu 2020, ndipo zotsalira alangizi ndi kafukufuku zimakhala nyenyeswa. Ine ndikanakhala wosankha, ndikanatenga thonje ndi mbewu za mafuta, chifukwa zimakumana pa fakitale yofinya mafuta ndi ya chakudya cha ziweto, ndipo zonse zimalowa m'malo mwa katundu amene timamuitanitsa ndi madola. Ndikanazigwira zaka khumi osasintha, kaya nduna isinthe kaya boma lisinthe.

Aphungu a ku Nsanje, Chikwawa, Balaka, Mangochi, Salima ndi Karonga ali ndi mafunso osavuta oti akafunse bajeti ikamakambidwa ku Nyumba ya Malamulo. Boma linagula mamita angati a nsalu chaka chatha, ndipo mwa amenewo ndi angati anawombedwa m'dziko muno? Ku Makoka kwapita ndalama zingati? Nanga mbewu ya thonje ya chaka chino ili kuti? Chaka cha boma chimayamba mu Epulo, thonje limadzalidwa ndi mvula yoyamba, ndipo mbewu yomwe siinafike pa sitolo ya ku Ngabu pofika mu Okutobala ndiye kuti yaphonya nyengo yonse.